Bwato la Sebastiano

Sebastiano anandigoneka nyumba imodzi ndi mkazi wake miyezi isanu, ine ndikumutcha mkaziyo mlamu. Ndalemba kuti mudziwe.

Ndine Esinala wa ku Marka. Amuna anga oyamba anafera ku mtengatenga, akusenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya Ajeremani. Ndinatsala ndekha ndi dimba la amayi anga m'mbali mwa Shire.

Chaka chimene anthu ankathawa nkhondo kwa Apwitikizi, ndinamupeza Sebastiano padooko, mapazi ali ming'alu yokhayokha.

"Mayi, ndithandizeni madzi," anatero. Atamwa anandiyang'anitsitsa. "Inu ndinu bwato langa. Mwandiwolotsa."

Ndinaseka ngati kamtsikana! Namfedwa ngati ine, ndani anali atandiuzapo mawu otere?

Sanaleke. "Bwato langa, ukandisiya ndimira." Mawa lake, "Ndidzafera pakhomo pako, ndalumbira."

Kwathu mlendo sapatsidwa dimba, koma mkamwini amalima la mkazi wake. Ndinapita kwa achimwene anga a Geresomo kuti akhale nkhoswe.

"Mlongo, munthuyu kwawo ukukudziwa?"

"Ndikudziwa mtima wake."

"Mtima! Chabwino, ndi zako."

Titakwatirana anabwera ndi mtsikana, dzina lake Otilia.

"Uyu ndi mlongo wanga, alibe kolowera."

Ndinamuyalira mphasa. Ndinamuveka nsalu yanga yopitira kutchalitchi. Atadwala malungo ndinamusambitsa ndi manja angawa.

Tsiku lina masana ndinawatengera mbatata kudimba. Ndili kuseri kwa bango ndinamva Otilia akuyankhula.

"Amuna anga, bwato lanu lija mulisiya liti? Mimbayi yayamba kuoneka."

"Leza mtima, mkazi wanga," anayankha Sebastiano. "Ndi lakale, likudontha, koma latifikitsa. Tikakolola tilikankhira m'bangomu, liwolere momwemo."

Anaseka onse awiri. Ngakhale dzina langa sanalitchule!

Ndinaponya mbatata m'matope, ndinathamangira kwa achimwene.

"Achoke lero!"

A Geresomo anayang'ana pansi. "Wabzala ndi iyeyo. Mkamwini sathamangitsidwa mbewu zake zili m'munda. Upirire mpaka akolole."

"Nanga mkaziyo?"

"Wapakati tingamutaye kuthengo? Unamulandira wekha."

Chimanga changoyamba kumasula ngayaye. Otilia akadali m'nyumba mwanga, nsalu yanga ili m'chiuno mwake. Sebastiano lero m'mawa wandifunsa ngati madzi osamba atentha.

Inu amene mukuwerenga, musandiuze zopirira, ndazimva kale. Ndiyankheni: madziwo ndiwatenthetse?