Esnath, Wailesi ndi Nkhuku Yofungatira

Esnath anali mtsikana wa mafunso. Ankakhala kufupi ndi Domasi Mishoni. Ankaphunzira Sitandade 3. Akadzuka, funso. Akamadya, funso. Bambo ake, a Makaiko, ankamutcha Namafunso.

M'mwezi wa Julaye, chaka cha 1970, Esnath anali ndi funso lalikulu. Kodi Malawi apeza mendulo?

Funsoli linayambira kusukulu. Aphunzitsi a Jonasi anapachika mapu pakhoma. Analoza malo akutali, pamwamba penipeni.

"Kuno ndi ku Edinibara, m'dziko la Sikotilandi," anatero aphunzitsi. "Kuli masewera aakulu. Mayiko ambiri asonkhana. Nafenso Amalawi tatumiza anthu athu. Ena ndi othamanga. Ena ndi omenya nkhonya. Ndi ulendo wathu woyamba."

Esnath anakweza mkono.

"Aphunzitsi, apita pa chiyani?"

"Pa ndege."

"Nanga akapambana awapatsa chiyani?"

"Mendulo."

"Mendulo n'chiyani? Amadya?"

Ana onse anaseka. Aphunzitsi nawo anaseka.

"Sadya, Esnath. Amavala m'khosi. Tsono tamverani. Ndani ali ndi wailesi kwawo?"

Mkono unakwera umodzi wokha. Unali wa Esnath.

"Chabwino," anatero aphunzitsi. "Iwe uzimvera madzulo. M'mawa uzitiuza."

Madzulo aliwonse Esnath ankakhala pafupi ndi wailesi. Inali wailesi yakuda, ya chogwirira pamwamba. Inkadya mabatire anayi. Esnath ankamvera. Esnath ankasunga mawu m'mutu. M'mawa ankaima kutsogolo kwa kalasi.

"Othamanga athu athamanga. Mendulo sanapeze."

Tsiku lina anaimanso.

"Athamanganso. Mendulo sanapeze."

Mnyamata wina wa m'kalasimo, dzina lake Julius, anayamba kumuseka.

"Sanapeze, sanapeze! Wailesi yanuyo imadziwa mawu amodzi okha?"

Esnath anabwerera pamalo pake. Koma mumtima zinamuwawa.

Kenaka tsiku lina aphunzitsi anamuitana.

"Esnath, masewera atsala pang'ono kutha. Mawa suuza kalasi yokha. Udzauza sukulu yonse pabwalo. Udzatiuze zimene Malawi wapeza. Ukwanitsa?"

"Ndikwanitsa, aphunzitsi. Ndalonjeza."

Esnath anathamangira kunyumba. Kunja kunali kuzizira. Kamvula ka chiperoni kankawaza. Phiri lonse linali mbuu ndi nkhungu.

Anafika. Anatsegula wailesi.

Wailesi inati, "Krrr."

Kenaka zii.

Anaigwedeza. Zii. Anaimenya pang'ono. Zii.

"Ababa! Wailesi yafa!"

"Siinafe, Namafunso," anatero bambo ake. "Mabatire atopa. Ndinapita ku Songani m'mawa pa njinga. M'sitolo mabatire atha. Aliyense akumvera masewera omwewa."

"Ndiye tiwayanike padzuwa, ngati kale."

Kwa a Makaiko ankatero nthawi zonse. Mabatire akatopa, ankawayanika pamphasa. Dzuwa likawaomba, ankadzuka. Wailesi inkalankhulanso pang'ono.

Bambo analoza kumwamba.

"Dzuwa lake liti? Lero ndi tsiku lachitatu osalionako."

Esnath anayang'ana kumwamba. Nkhungu. Anayang'ana kuphiri. Nkhungu. Anakumbukira sukulu yonse pabwalo. Anakumbukira Julius. Misozi inalengeza m'maso.

Mlongo wake wamng'ono, Mateyo, anamukoka diresi.

"Achemwali, tiwawotche pamoto ngati mbatata!"

"Iwe!" anakuwa amayi ali kukhitchini. "Mabatire sayandikira moto. Amaphulika. Wamva?"

"Ndamva, amayi," anatero Mateyo.

Esnath anakhala pakhonde. Mabatire anayi anali pamwendo pake. Anali ozizira ngati miyala ya mumtsinje wa Domasi. Ndipo funso linabwera.

"Ababa, chimadzutsa mabatire n'chiyani? Kuwala kwa dzuwa kapena kutentha kwake?"

Bambo anakanda mutu.

"Aa, Namafunso. Limenelo sindinaliganizepo."

"Ndiyesa ndione," anatero Esnath.

Anaika mabatire awiri m'khwapa la kumanja. Anaika awiri m'khwapa la kumanzere. Anafinya mikono. Kuzizira kwake! Esnath anatseka maso. Anawerenga mpaka makumi asanu. Anawerenganso. Anawerenganso kachitatu.

Mateyo anaseka.

"Achemwali akuyenda ngati bakha!"

Esnath anabwezera mabatire mu wailesi. Anatsegula.

Wailesi inati, "Krrr... moni kwa onse a ku..."

Kenaka zii.

Esnath analumpha.

"Yalankhula! Ababa, mwamva? M'khwapa mulibe dzuwa. Muli kutentha kokha. Ndiye ndi kutentha!"

"Zoonadi," anatero bambo. "Koma mawu asanu satikwanira. Pafunika kutentha kwa nthawi yaitali. Iwe sungakhale ngati bakha mpaka madzulo."

Amayi anatuluka ndi mbale ya madeya.

"Esnath, mafunso akudikira. Nkhuku siingadikire. Kampatse Namawanga chakudya."

Namawanga inali nkhuku ya amayi. Inali thadzi lalikulu la mawangamawanga. Inkafungatira mazira asanu ndi atatu. Dengu lake linali pakona, m'khitchini.

Esnath anaika madeya pansi. Namawanga anatsika m'dengu. Anayamba kujompha msangamsanga. Esnath anasuzumira m'dengu muja. Funso linabweranso. Kodi mazira sakumva chiperoni? Anagwira dzira limodzi ndi chala.

Linali lofunda.

Anagwira lina. Lofunda. Anagwira udzu wa m'dengu. Wofunda!

Esnath anathamangira kwa amayi.

"Amayi, mundibwereke Namawanga."

"Ndikubwereke nkhuku? Ukatani nayo?"

"Afungatire mabatire."

Amayi anagwira pakamwa. Bambo anaseka mpaka kutsokomola.

"Amake Esnath, mwana wanuyu!"

"Wanganso ndekha lero?" anatero amayi. Kenaka anayang'ana Esnath. "Tamvera. Nkhuku yofungatira siifuna kuvutitsidwa. Ikakwiya, ithawa mazira. Ikathawa, mazira onse asukusa. Anapiye sitiwaona."

"Ndiika pang'onopang'ono, amayi. M'mbali mokha. Dzira sindikhudza."

Amayi anaganiza. Anayang'ana nkhuku. Anayang'ana mwana.

"Pukuta kaye mabatirewo. Batire lotuluka madzi usaike. Ndipo ndi lero lokha."

Esnath anapukuta mabatire. Onse anali ouma. Anaika loyamba m'mbali mwa mazira. Anaika lachiwiri. Anaika lachitatu. Akuika lachinayi, Namawanga anabwera.

Jo! Anamujompha padzanja.

"Mayo!" analira Esnath. Koma sanathawe. Anangobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

Namawanga anakwera pamlomo wa dengu. Anapendeka mutu. Anayang'ana ndi diso limodzi. Anayang'ana ndi diso linalo. Mazira achilendo! Aatali, ofiira, opanda mimba.

Esnath anayang'anitsitsa. Amayi anaima chilili. Kodi nkhuku ithawa?

Namawanga anatambasula khosi. Anakoka batire limodzi ndi mlomo. Analilowetsa kunsi kwa phiko. Anadzigwedeza uku ndi uku. Kenaka anakhala phee.

"Wawalandira," ananong'ona Esnath.

Mateyo ananong'onanso.

"Achemwali, akaswa mutuluka tiwailesi ting'onoting'ono?"

"Khala chete, iwe. Umudzidzimutsa."

Esnath anadikira. Anatsuka mbale, nakasuzumira. Namawanga anali phee. Anathyola nkhwani, nakasuzumira. Namawanga anali phee. Anatunga madzi, nakasuzumira. Namawanga anali pheebe.

Kunja kusanade, bambo anayang'ana wotchi yawo.

"Nthawi ya nkhani yakwana. Fulumirani!"

Esnath anatambasula dzanja. Namawanga anaimika nthenga. "Krrrrr!" Tsopano mabatire anali ana ake. Sanafune kuwapereka.

"Nkhukuyi ikulira ngati wailesi," anatero Mateyo.

Amayi anabwera. Ananyamula Namawanga bwinobwino, manja awiri. Esnath anatola mabatire. Limodzi. Awiri. Atatu.

"Lachinayi kulibe!"

"Funa bwino," anatero amayi. "Nkhuku imatembenuza mazira ake."

Esnath anafuna m'mbali. Palibe. Anafuna mu udzu. Palibe. Bambo anaitana ali pakhonde.

"Namafunso, nthawi ikutha!"

Esnath anayang'ana pakati penipeni pa mazira. Nalo! Namawanga analiika pamalo ofunda koposa. Esnath analitola ndi zala ziwiri. Dzira sanakhudze. Amayi anabwezera nkhuku m'dengu. Inakhalanso pamazira ake.

Esnath anathamangira pakhonde. Mabatire anali ofunda ngati mbatata yootcha. Bambo anawalowetsa msanga. Esnath anatsegula wailesi.

"Krrr... krrr..."

"Chonde, lankhula," anatero Esnath.

Ndipo wailesi inalankhula. Mawu anali aang'ono. Onse anayandikitsa makutu. Inanena za msonkhano. Inanena za alimi a thonje. Esnath anafinya zala. Mawu anayamba kuchepa.

Kenaka inati, "Nkhani za masewera. Ku Edinibara, dziko la Malawi lapeza mendulo. Ndi mendulo ya mkuwa. Waipeza ndi mnyamata wathu womenya nkhonya. Iyi ndi mendulo yoyamba ya dziko lathu pa masewera amenewa. Krrr..."

Zii.

Koma zinakwana.

Amayi anaimba nthungululu. Bambo anaponya chipewa m'mwamba. Mateyo anayamba kumenya nkhonya mphepo. Esnath anavina pakhonde ponse. Kenaka anaima.

"Ababa, mendulo ya mkuwa n'chiyani?"

"Woyamba amalandira ya golide," anatero bambo. "Wachiwiri ya siliva. Wachitatu ya mkuwa."

"Nanga mkuwawo umaoneka bwanji?"

Amayi anavula chibangili chawo. Chinali chofiirira, chonyezimira.

"Mkuwa ndi uwu. Mawa upite nacho. Anzako akaone. Koma chibwere, wamva?"

M'mawa belu linalira. Ana onse anaima m'mizere pabwalo. Kunali kuzizirabe. Aphunzitsi a Jonasi anaitana Esnath kutsogolo. Esnath anaima pamaso pa onse. Mawu anatuluka bwino.

"Malawi wapeza mendulo! Ndi ya nkhonya. Ndi ya mkuwa. Mkuwa wake ndi ngati uwu."

Anakweza chibangili m'mwamba. Ana anaomba m'manja. Ena analumpha. Ena anakuwa, "Malawi! Malawi!"

Julius anakweza mkono.

"Imodzi yokha? Yachitatunso?"

Esnath anatembenukira kwa aphunzitsi.

"Aphunzitsi, kunali mayiko angati?"

"Oposa makumi anayi."

"Onse apeza mendulo?"

"Ayi. Ambiri abwerera chimanjamanja."

Esnath anayang'ana Julius.

"Wamva? Ife tapita koyamba. Tabwera nayo."

Julius anayang'ana chibangili chija. Kenaka anamwetulira.

"Ndigwireko chibangilicho."

Esnath anamupatsa. Julius anachiika pachifuwa ngati mendulo. Kenaka anafunsa.

"Koma mabatire munawapeza kuti? Ababa anga akuti ku Songani atha."

"Inawafungatira nkhuku yathu."

"Bodza!"

"Zoona. Taona apa." Esnath anaonetsa padzanja pamene Namawanga anajompha.

Aphunzitsi anapempha Esnath kuti afotokoze zonse. Anafotokoza za m'khwapa. Anafotokoza za dengu. Sukulu yonse inaseka. Julius ndiye anaseka koposa.

Koma Esnath anali ndi funso lina mumtima. Kodi mazira a amayi ali bwino? Tsiku lililonse ankasuzumira m'dengu. Namawanga anali phee.

Patapita masiku asanu, dzuwa linatuluka. Bambo anayanika mabatire pamphasa. Pamenepo Mateyo anakuwa ali m'khitchini.

"Achemwali! Amayi! Bwerani!"

Onse anathamanga. M'dengu munali phokoso. "Tsiyo, tsiyo, tsiyo!"

Esnath anawerenga anapiye. Mmodzi, awiri, atatu, mpaka asanu ndi atatu. Palibe dzira lomwe linasukusa.

"Tiwailesi mulibe," anatero Mateyo mokhumudwa.

"Tamvera phokosolo," anatero bambo. "Si tiwailesi timeneti? Ndipo sitifuna mabatire."

Kamwanapiye kamodzi kanali kofiirira ngati chibangili cha amayi. Amayi anakatola. Anakaika m'manja mwa Esnath.

"Aka ndi kako. Ukatcha dzina loti chiyani?"

Esnath anakayang'ana. Kanali kofewa. Kanali kofunda. Tsikuli Namafunso sanafunse kanthu. Anayankha.

"Dzina lake ndi Mendulo."