Dzuwa la pa Bangula Silidziwa Nsapato

Pofika naini koloko m'mawa, mlendo wolemekezeka anali asanafikebe, ndipo dzuwa la mwezi wa Okutobala linali litayamba kale kuwotcha malata a msika wa Bangula. Mpikisano umayenera kuyamba sikisi koloko. Othamanga onse anali phee pansi pa mitengo ya nimu, atatambalala ngati anthu odikira minibasi. Onse kupatula Daliso.

Daliso anali pakati pa msewu, padzuwa penipeni, akudumphadumpha ndi kudziwongola kuti aliyense amuone bwino. Anavala jekete yakuda yonyezimira, nsapato zofiira psuu, ndi wotchi yowerenga makilomita. Mnyamatayu anabadwira pa Bangula pomwepa, koma zaka zinayi za sekondale anakakhala kwa amalume ake ku Blantyre, ndipo anabwerako ndi matama osasimbika. Anali atathamangapo ku Zomba, ku Mulanje, ngakhale ku Mzuzu kumene mphepo imaluma makutu. Nanga anthu awa, amene sanakwerepo ndi mapiri a Thyolo omwe, angamuuze chiyani?

A Lazaro, mphunzitsi wa zamasewera, anaimba wezulo.

"Mverani! Lero ndi makilomita makumi awiri ndi imodzi. Mukakhote pa mlambe waukulu wa msewu wa ku Nsanje, n'kubwerera pano. Asanu oyamba, kaya mnyamata kaya mtsikana, ndiwo ndiwakonzekeretse marathoni ya ku Blantyre. Ndati asanu. Wachisanu ndi chimodzi azikamvera pa wailesi."

Daliso anaseka chamumtima. Anzake onse a ku Blantyre anali atawauza kale kuti amudikire pa marathoniyo. Asanu? Iye amangodandaula kuti akafika pano azicheza ndi ndani podikira wachiwiri.

Atayang'ana kumthunzi anaona Priska, mnzake wa kupulaimale, akuviika kansalu kakale mu chidebe. Priska analekera sukulu Fomu 2, ndipo tsiku lililonse ankasenza dengu la milamba yowamba kuchokera kudambo kudzagulitsa pamsika. Nsapato zake zinali zansalu, chala chachikulu chili panja. M'chiuno anamanga kamfundo ka bwemba wothira mchere.

"Iwe Priska!" anakuwa Daliso kuti onse amve. "Wabwera kudzachapa kapena kudzathamanga?"

"Achimwene a ku Blantyre, khalani pansi," anatero Priska, osadzutsa n'komwe mutu. "Dzuwa ili si la kumapiri. Mukulipatsa kale chakudya chake."

"Tamumvani! Wogulitsa nsomba akuphunzitsa katswiri. Nanga bwembayo? Ukupita ku ulendo wa Joni?" Kenaka analoza Petro, wakabaza, amene anavala nkhwaira za matayala. "Ndipo uyu waiwala njinga, koma matayala wakumbukira."

Ena anaseka. Petro anangoyasamula.

Mlendo wolemekezeka anafika hafu pasiti naini, nalankhula za chitukuko kwa nthawi ndithu. Pomwe wezulo inkalira, phula la msewu linali likunyezimira ngati lathiridwa mafuta.

Daliso anachoka ngati mwala wa legeni. Ha, analidi wothamanga mnyamata ameneyu, zimenezo sitingamumane! Miyendo yake inkameza msewu. Ana m'mbali anakuwa, amayi analuluta, mbuzi zinabalalika. Atacheuka anaona gulu lonse lili kutali, likubwera pang'onopang'ono m'mphepete mwa msewu, pamchenga, aliyense kansalu konyowa kali pamutu.

"Ngati akupita kumaliro," anatero, n'kulavula.

Kabotolo ka chakumwa cha m'sitolo kamene ananyamula kanatentha ngati tiyi, ndipo wotchi isanawerenge makilomita asanu ndi awiri kanali katatha. Pa mlambe wokhotera anapeza amayi atatu atakhala ndi zidebe za madzi a pamjigo. A Magdalena, amayi ake a Priska, anathamangira kumsewu ndi kapu yapulasitiki.

"Imwa, mwananga! Vula chijasicho, udzithireko kumutu!"

Daliso anayang'ana kapuyo. Inali yokalikakalika, ndipo madzi a mijigo ya kuno amawadziwa, amchere ngati misozi.

"Kapu imodzi mudzi wonse? Pepani amayi, sungirani ana anu."

"Kodi si mwana wa a Estere uyu?" anafunsa mayi wina. "Si madzi omwewa anamukuza?"

Iye anali atapita kale.

Pobwerera anapambana ndi gulu lija. Priska anali wachinayi, akuyamwa bwemba, mapazi akugwa mofanana ngati munthu wosinja. Daliso anamukwezera dzanja monga amachitira bwana pa galimoto.

Mavuto anayamba mwakachetechete. Choyamba thukuta linasiya kutuluka. Kenaka anamva kuzizira, kuzizira pa Bangula masana! Lilime linauma ngati chikopa, msewu unayamba kuvina, ndipo nsapato zofiira zija zinasanduka mbaula. Pa kilomita ya khumi ndi chisanu, katumba wa mwendo wamanja anakokana, gwa, ngati wina wamumenya ndi chibonga. Anayesa kudumphira mwendo umodzi. Nawonso unakana. Anagwa khu m'mbali mwa msewu, pamalo popanda ngakhale chitsamba.

Anadutsa mnyamata woyamba. Anadutsa wachiwiri. Daliso anawerenga, mtima ukugunda m'makutu. Malo atsala atatu. Ndikangodzuka. Koma miyendo inali ya munthu wina.

Chithunzithunzi chinaima pamutu pake. Anali Priska. Anakoka zipi ya jekete ija, n'kuyivula ngati akusenda chinangwa. Anachotsa kansalu kumutu kwake, kamene anali atakanyowetsanso pa mlambe, n'kukafinyira pakhosi pa Daliso, kenaka n'kumufunditsa kumutu. Anamasula kamfundo kaja n'kumuika bwemba m'manja.

"Yamwa. Njere ulavule. Amayi akubwera ndi chidebe pa njinga, ndipo umwe, wamva? Kapu ndi yomwe ija."

"Priska, ndidikire," linatuluka liwu lowuma. "Tithamangire limodzi."

"Ndikudikire? Ine ndinazolowera nsomba, achimwene. Zikachedwa panjira zimaonongeka."

Ananyamuka ndi kathamangidwe kake komwe kaja, kosafulumira, kosatopa. Wachitatu.

Bwembayo anali wowawasa, wamchere, wonunkhira utsi wa nsomba. Daliso anali asanalawepo chinthu chokoma chotero. Anadutsa wachinayi. Kenaka anamva phwa, phwa, phwa pamchenga. Nkhwaira za matayala.

"Bwana, kabaza?" anatero Petro podutsa. "Pepani, njinga ndaiwala."

Wachisanu.

A Magdalena atafika, Daliso anamwa makapu anayi osapuma. Amayiwo sananene kanthu za ana awo. Anangomuthira madzi otsala kumsana, n'kumufunsa ngati akwere njinga. Anakana. Makilomita asanu ndi imodzi otsalawo anawayenda wapansi, akutsimphina, jekete ili m'manja, kansalu ka wogulitsa nsomba kali kumutu. Ana omwe aja amene anamukuwira popita anamuperekeza ndi nyimbo yomunyoza mpaka pamsika.

Anafika wa nambala khumi ndi zinayi. Mlendo wolemekezeka anali atapita kale.

"Aphunzitsi," anayamba Daliso, "mukudziwa inu nomwe kuti liwiro ndili nalo. Ku Blantyre kulibe dzuwa lotere. Mukanangondi..."

"Liwiro uli nalo," anavomera a Lazaro, akupinda pepala la mayina. "Koma marathoni ndi ulendo wa lerowu kawiri, ndipo marathoniyo siifunsa kuti unaphunzira kuti. Ndinati asanu."

Madzulo foni yake inalira kangapo. Anzake a ku Blantyre ankafuna kudziwa kuti wawasiya ndi mphindi zingati. Sanayankhe.

Lolemba m'mamawa, Priska akutuluka kudambo ndi dengu la milamba, anapeza munthu ataima pakanjira. Analibe jekete, analibe wotchi. M'manja anali ndi kansalu kaja, kochapa bwino, konyowa.

"Wabwera kudzachapa kapena kudzathamanga?" anafunsa Priska.

Daliso anayang'ana pansi. "Chaka chamawa kulinso mpikisano. Ndimati mwina undionetse mmene mumachitira."

Priska anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zofiira zija, zimene tsopano zinali zotuwa ndi fumbi. Anatenga kansaluko, n'kukapinda kukhala nkhata, n'kumuika pamutu. Kenaka anatula dengu lake n'kumusenzetsa. Khosi la Daliso linalowa m'mapewa.

"Msika uyamba seveni koloko. Ukagwetsa mlamba umodzi ukaonana ndi amayi. Ndipo usayambe ndi liwiro."

"Takhuta," anatero Daliso, mawu a Chisena othokoza amene kwa zaka zinayi anali kuchita nawo manyazi.

Priska anatsogola. Daliso anatsatira pambuyo, pamchenga, akuponda momwe mnzake waponda.