Mabatire a ku Jeremani

Lolemba lina m'mawa, m'chaka cha 1984, Exildah Kalumba anapeza loko wa chigayo cha kalabu ya amayi ku Chawama atathyoledwa. Mota inalipo. Chimanga cha ukwati wa mwana wake Maud chinaliponso. Koma bokosi la magetsi la pakhoma linali pululu. Zitini zitatu zotuwa zinali zitapita, mawaya ali lende.

Anayatsa chigayo. Chinalira pang'ono, mawaya n'kuyamba kununkha, switchi yaikulu n'kudzizimitsa yokha.

Ngosa, mmisiri wa magetsi, anafika pa njinga.

"Vija ni makapasita, amai," anatero. "Mota iyi ni yadyera, imakoka magetsi ambiri kupambana amene igwiritsa nchito. Makapasita ndiye amaiwongola. Popanda vija, waya ipsa."

"Nanga ukwati Loweruka, ba Ngosa?"

Ngosa anangokanda mutu. M'masitolo zinthu zotere zinali zitasowa kalekale. Exildah anakadandaula kupolisi, koma Sajeni Kapambwe analibe poyambira.

Lachitatu masana, Ngosa akuyesayesa mota, panatulukira Moven, woliza malekodi m'maukwati, amene Exildah anali atamuitana kale ku ukwati wa Maud. Anatula kathumba pansi.

"Ba Ngosa, nichajireniko batire iyi. Ni ya ku Jeremani, koma gilamafoni yanga yakana kuimba."

Anatulutsa chitini chotuwa. Exildah anachiyang'ana, nayang'ana bokosi la pakhoma. Anadzigwira kuti asaseke.

"Munaigula kuti, ba Moven?"

"Kwa Edwell, ku komboni ya Misisi. Akali nayo yabili."

Dzuwa likupendeka, Exildah ndi Moven anafika pakhomo pa Edwell. Sajeni Kapambwe anawatsata atavala malaya wamba, ngati wogula. Edwell anatulutsa zitini ziwiri kunsi kwa bedi, nazipukuta ndi mkono wa shati.

"Bwanji ija ya ba Moven siigwira nchito?" anafunsa Sajeni.

"Sadziwa kumanga mawaya, bwana. Moto ulimo."

"Nizadziwa bwanji?"

Edwell anaonetsa chala chokulungidwa nsanza.

"Onani. Inanimenya pamene ninali kuichosa pa chipupa."

"Chipupa cha ndani?"

Sajeni anatulutsa unyolo m'thumba. Apa Exildah analephera kudzigwira. Anaseka mpaka kutsamira chitseko, unyolo ukulira m'manja mwa Edwell.

Apolisi atalemba manambala a zitinizo, anazibweza Lachisanu m'mawa. Ngosa anazimanga, Exildah n'kukweza switchi. Chigayo chinabangula osatsokomola. Amayi anaimba nthungululu, mitu ili mbuu ndi ufa.

Loweruka Moven analiza malekodi pa batire ya galimoto yobwereka. Exildah anavina mpaka kuvula nsapato. Sajeni Kapambwe, amene anangoti adutsepo pang'ono, anachoka dzuwa litalowa, mwendo wa nkhuku uli m'manja.

Khoti linapatsa Edwell miyezi isanu ndi inayi, chala chisanapole.