Phala la Lensa Linanenepetsa Galu

Banja la a Dechasa linali labwino, moti ngakhale amayi a pachitsime, amene sasowa chonena, ankalidutsa osalikhudza. Mwana wawo Lensa anali ndi liwiro la gwape. Kusukulu ankaphunzitsidwa kuthamanga ndi a Gemechu, amene ankandandalika ana pamzere m'nkhalango ya bulugama, aliyense kuponda pamene waponda mnzake, modekha, pa dothi lofewa. Wodumpha mzere ankabwezedwa kumbuyo. Chaka chimenecho sukulu inkasankha mtsikana mmodzi wopita ku mpikisano wa ku Addis Ababa, ndipo Lensa ankaufuna mpaka kuulota.

Ndiye kunatulukira a Tolosa, a jekete lonyezimira, amene ankati anaphunzitsapo akatswiri, ngakhale akatswiriwo palibe anawaonapo.

"Iwe mwana, ukutsatiranji nkhono zija?" anamunong'oneza Lensa pamsika. "Walemera thupi. Chepetsa kudya, uzibwera pamsewu wa tala wekha, ndikuulutsa."

Lensa anayamba kunama kuti akupita ku mapemphero, pamene akukathamanga patala. Phala la balere lothira batala limene mayi ake ankamupatsa ankalikhuthulira galu kuseri kwa khola.

Mayi ake anaona. "Mwana wanga, galu wanenepa ngati wa kubutchala, iwe nthiti mbee. Phala lako akudya ndani?"

Lensa analumbira kuti amadya yekha.

Msongolo wa Lensa unayamba kuwawa. A Gemechu atamuona akutsimphina anamuuza kuti apumule, chifukwa fupa silikula ndi njala. Iye anati ndi munga chabe. A Tolosa anamupatsa timapiritsi, nati ululu ndi wa amantha.

Tsiku losankha, Lensa anasiya anzake kutali, anthu m'manja waa. Atatsala pang'ono kufika, fupa linangoti thyo. A Gemechu ndiwo anamunyamula kumuika pa ngolo ya kavalo kupita naye kuchipatala. A Tolosa anali atakwera kale basi, ndipo akuti sanapite okha, koma ndi mkazi wa telala wina.

Ku Addis Ababa kunapita Ayantu, amene chaka chonse ankaponda m'mapazi mwa Lensa pamzere uja.

Lensa anapepesa makolo ake. Lero amayenda ndi ndodo, phala amamaliza lonse, galu anabwerera pa thupi lake lakale. Ana inu, munthu wokuuzani kuti mubise njala ndi ululu kwa makolo anu sakufuna moyo wanu. Mwendo wothyoka mudzaukoka nokha.