Belu Laling'ono Lopanda Chingwe

Wokonza mawotchi adatsika m'nsanja ya tchalitchi mwezi utakwera kale, manja ali bii ndi mafuta, mtima uli m'malo. Masana mlongo wake adadzaima pansi pa makwerero nafuula kuti matenda a amayi awo akula. Iye adayankha ali pamwamba pomwepo kuti mayi amene adapirira kulera ana osamva ngati iwo sangagonje ndi chifuwa, ndipo adapitiriza ntchito, pakuti bambo mfumu adafuna kuti wotchi iyende Lamulungu lisanafike.

Nsanjayo idali yakale kuposa aliyense wopemphera pansi pake. Makolo a parishiyo adakweza wotchi yake m'zidutswazidutswa, napachika mabelu awiri pamwamba pake. Lalikulu linkalengeza maliro a mwamuna, laling'ono maliro a mkazi. Munthu akatisiya, woliza belu ankakoka chingwe kamodzi pa chaka chilichonse cha moyo wake, kuti omva awerenge ndi kudziwa ngati wapita ndi khanda kapena nkhalamba. Mwambowo udatha pamodzi ndi oudziwa, ndipo wotchi idadyedwa ndi dzimbiri. Tsiku limenelo mmisiriyo adadula zingwe zonse ziwiri, poti zidali zitafumbwa, naikira belu lalikulu nyundo yoti izimenya maola yokha. Laling'ono adalisiya lopanda chingwe, lopanda nyundo. Adakhoma chitseko cha nsanja naponya kiyi m'thumba.

Njira ya kwawo inkatsata mpanda wa manda isanawoloke mlatho. Sadaione ngati kanthu, pakuti ankakonda kunena kuti wozolowera kukwera pamwamba saopa ogona pansi. Ankayenda akuimba mluzu, chikwama cha zida chili kumsana.

Pa chipata cha manda adakumana ndi mkulu wina wamfupi, wa phewa limodzi lotsika kuposa linzake, atakoleka chingwe m'khosi. Ankalowera kumene iye ankachokera.

"Moni agogo. Usiku uno ulendo wa kuti?"

"Wa ku ntchito, mwanawe. Wandidulira zingwe, ndachita kukabwereka china." Mkuluyo adamuyang'anitsitsa. "Si ndiwe mwana wa mayi wosoka uja? Ndikoka pang'onopang'ono. Koma zaka zawo zili ndi polekezera. Kweza mwendo."

Mmisiriyo adaseka, poganiza kuti mkuluyo walawako. Adapatukirana. Mphepo yozizira idamukhudza patsaya, ndipo adazindikira kuti pa miyala ya njirayo pankamveka mapazi ake okha. Adacheuka... Njira idali mbee!

Mluzu udauma. Adafika pa mlatho akuyenda ndawala.

Ngeee!

Adaima. Silidali belu lalikulu. Liwu lake lidali lakuthwa, lachikazi. Adapisa m'thumba... kiyi idalimo!

Ngeee!

Pamenepo adamvetsa mawu a mkulu uja. Chikwama chidagwa pa mlatho, zida n'kumwazika, iye osatola n'chimodzi chomwe. Adaliyatsa liwiro. Belu linkamutsata, ndipo iye ankawerenga osafuna. Ubwana wa amayi ake udatha asanatuluke m'mitengo. Utsikana wawo udatha pa chitunda. Ukwati... kubadwa kwa mlongo wake... kubadwa kwake! Adapunthwa. Adadzuka. Bondo lidachucha magazi. Umasiye wawo udamupeza akudutsa nyumba zoyamba, zitseko zili zotseka, agalu ali chete.

Koma zaka zikamayandikira kumapeto, belulo lidayamba kuzengereza. Pakati pa kulira ndi kulira pankadutsa mpata wautali, monga achitira munthu amene wagwira chingwe nakana kuchitaya mpaka manja atatopa.

Adakankha chitseko cha kwawo. Mlongo wake adali pa mpando pambali pa bedi, maso atatupa.

"Mwakumbuka kuti muli ndi amayi, achimwene?"

Mmisiriyo adalunjika pa bedi. Adagwada. Amayi ake adatsegula maso, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku bondo lamagazi.

"Wafika, mmisiri wamkulu? Wotchi ya bambo mfumu yachira?"

"Yachira, amayi. Ndachedwa."

"Udachedwanso pobadwa. Bweretsa dzanja."

Adaligwira mwamphamvu, mafuta ndi magazi omwe, ndipo adamuuza za makina awo osokera, amene adati apite kwa mlongo wake, ndi za ukali wake, umene adati ausiye kunja kwa nyumba akadzakwatira. Adaseka pang'ono, chifuwa n'kuwatsamwitsa.

Ngeee!

"Amayi, mukulimva belulo?"

"Ndikulimva. Ndi aPhewa amenewo, kakokedwe kawo sikasowa."

"Mkulu wamfupi, wopendekeka? Ndakumana nawo pa chipata cha manda."

"Pomwepo ndiye pawo. Adaliza belu pa ukwati wanga, ndipo adamwalira iwe uli kumsana. Tidawaika popanda wowalizira. Anthu ankawanena kuti ndi aulesi pa chingwe." Adapumira m'mwamba, akumwetulira. "Lero ulesi wawo wandipatsa mwana wanga."

Belu lidalira kamodzi, ndipo silidalirenso.