Madzi Odutsa Mzere Wofiira

Chinthu choyamba chimene Tiyanjane anaona chinali chakuti madzi a m'thanki ankachuluka okha. Madzi osavundikira amaphwera, makamaka mu Okutobala dzuwa likamawotcha malata a m'komboni ya Kanyama. Koma awa, madzulo alionse akabwera kumsika kumene ankagulitsa zovala za salaula, ankawapeza atakwera kudutsa mzere wofiira.

Mzerewo anaujambula mwamuna wake, Lazarous, ndi utoto wa m'zikhadabo wa Tiyanjane yemweyo. Lazarous anali wodula magalasi pa kampani ina ya boma, ndipo kampaniyo itagulitsidwa anatha chaka ali pakhomo. Kenako mwini hotela ina yatsopano m'tauni anamupatsa ntchito yopanga thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere, n'kumuuza kuti ayambe waiyesera kunyumba. Nsomba, miyala ndi ndere zinabwera pa sitima kuchokera ku Dar es Salaam.

Pansi pa thanki ya nsomba panali ina yaing'ono, yobisika kuseri kwa chitenje, imene Lazarous anaigawa patatu ndi magalasi. Madzi ankatsika ndi paipi n'kugwera m'chipinda choyamba, mmene siponji inkagwira zinyalala. Chapakati munali mchenga, miyala ndi ndere, mobisalamo tizilombo ting'onoting'ono kuti tiswane nsomba zisanatidye, ndipo nyali yake inkayaka usiku wokha. Chomaliza munali pampu yokweza madzi kubwerera kumwamba. Mzere wofiira uja unali pa thanki yapansiyi.

"Pamwamba pa mzere apa pazinkhala chabe pa empiti," anamuuza mkazi wake. "Malaiti akayenda, manzi ya mu paipi yonse yabwera pansi. Yafunika malo."

Ndiye madzi akadutsa mzere, Lazarous ankatungamo ndi kapu, n'kupapasa mapaipi onse ndi zala, osapeza podontha. Mawa lake ankawapeza atakweranso.

Usiku wina Tiyanjane anadzidzimuka. Nyali ya pansi pa thanki inkawala kudzera m'chitenje, n'kupaka khoma lonse mtundu wobiriwira, ndipo mithunzi ya ndere inkagwedezeka pang'onopang'ono ngati tsitsi la munthu womira. Pampu inkang'ung'udza monga mwa masiku onse. Kenako kunamveka, tha! Patapita kanthawi, tha! Zinali ngati wina akuliza zala poitana mwana, koma kuchokera m'madzi.

"Ba Lazarous," ananong'oneza, "mwamvera?"

"Ni galasi chabe, izizira."

"Galasi siitana muntu."

Kutacha anapeza kuti kansomba kachikasu kasowa, popanda ngakhale munga wake.

Nthawi imeneyo m'matchalitchi munkamveka maumboni a anthu amene ankati amapita pansi pa nyanja kukatenga chuma. Kupompi amayi anayamba kunong'onezana kuti munthu wochotsedwa ntchito wabweretsa nyanja m'nyumba ya lendi, ndipo amaiyatsira nyali anthu akagona. Ena ankati nsombazo ndi ana a anthu. Tiyanjane akafika, mzere wa zidebe unkamupatukira popanda womupatsa moni. Amene sanasinthe anali Chrissie yekha, mayi wa khomo loyandikana, amene ankawasungira kiyi kuti madzi akabwera masana aziwadzazira dilamu. Iye ankamusiyirabe tomato awiri pawindo.

Tsiku lina anachedwa onse awiri, n'kugona osayang'ana mzere. Pakati pa usiku magetsi anazima. Pampu inaleka, ndipo m'chete umenewo paipi inayamba kumeza, khoro-khoro, ngati munthu amene wagwidwa pakhosi. Mumdimamo Tiyanjane anamva chinthu chozizira chikunyambita mphasa. Lazarous atayatsa kandulo, anaona madzi akusefukira, akukwawa pasimenti, n'kutulukira pansi pa chitseko kulowera kukhonde la eni nyumba.

Dzuwa litawaumitsa, panatsala kanjira koyera kamchere, kochokera pakhomo pawo mpaka pachitseko cha ba Chileshe, mayi wamasiye amene anali mwini nyumbayo, amenenso chipinda chake chogona chinali kuseri kwa khoma lawo. Anthu anaunjikana, wina osayerekeza kukadumpha.

"Ine sinifuna vambiri," anatero ba Chileshe. "Vintu vanu vanibwerera pa khomo. Usiku nimvera muliza tuminwe, tha-tha, muitana ndani? Pa Sande munkhale mwachoka. Banyamata bakamba va petulo, ine siningabaletse."

Kuchoka kunali kutaya zonse, chifukwa nsombazo sizikanapirira pa wilibala, ndipo ku Kanyama konse panalibe amene akanawalandira.

Tsiku lotsatira Tiyanjane sanapite kumsika, pofuna kuona chimene chinkachulukitsa madziwo. Lazarous anakhoma chitseko kunja monga mwa nthawi zonse, Tiyanjane n'kugona kuseri kwa katani, atagwira Baibulo pachifuwa. Malata ankalira ndi kutentha. Masana, kiyi inatembenuka. Anamva mapazi osavala nsapato, kenako madzi akukhuthulidwa m'dilamu. Mapaziwo anatuluka, n'kubweranso, koma ulendo uno sanaime padilamu. Kudzera pakabowo ka katani anaona Chrissie akugwada, akukweza chitenje, n'kuthira chidebe m'thanki yapansi mosamala, monga mmene mayi amathirira madzi m'bafa la khanda.

"Ba Chrissie!"

Chidebe chinagwa. "Mayo! Mufuna kunipaya? Munali mukati?"

"Muchita chani?"

"Nizazako chabe. Manzi yavuta muno, manje imwe musiya chibeseni chili hafu? Nenze kumvera chifundo tunsomba twanu."

Ku Kanyama, pompi ikatulutsa madzi, palibe chiwiya chimene chimasiyidwa chosadzaza. Tiyanjane anafuna kukalipa, koma anaona nkhata pamutu pa mnzakeyo ndi thukuta m'khosi, ndipo anangomugwira dzanja.

Madzulo Lazarous anaitana ba Chileshe ndi amayi akupompi. Anadzaza madzi mpaka pamzere, n'kuzimitsa pampu, ndipo madziwo anatsika n'kuima osasefukira. Kenako Chrissie anathira chidebe chake, pampu n'kuzimitsidwanso, madzi n'kukwawira pansi. Anthu anaseka kwambiri, kuseka kwa anthu amene anali ndi mantha.

"Iwe Chrissie, ndiwe nyanja yamene tenze kuyopa!" anatero ba Chileshe, akupukuta misozi. "Nkhalani. Koma vija vokuliza tuminwe, nikavimvera futi, sitizakambisana."

Anthu atabalalika, Tiyanjane anafunsa Chrissie chapansipansi ngati ankabweranso usiku.

"Usiku? Awe. Koma kaja ka tha-tha kaliza na muzuba. Nikathira chabe, kaliza kabiri, monga kakamba zikomo."

Loweruka galimoto ya hotela inadzatenga zonse, mathanki, miyala, ngakhale mchenga. Pasimenti panangotsala chizindikiro cha miyendo ya tebulo. Usiku umenewo m'nyumba munali mdima weniweni, wopanda kubiriwira, ndipo Lazarous anagona tulo tofa nato.

Tha!

Tiyanjane anatsegula maso. Phokosolo linachokera pakona pomwe paja, pamene tsopano panalibe kanthu. Kuseri kwa khoma, bedi la ba Chileshe linalira, ngati munthu wadzuka n'kukhala tsonga.

Pamenepo Tiyanjane anayamba kuimba nyimbo ya kwaya mokweza pang'ono, akuliza zala zake motsatira nyimboyo, kuti womvera kuseri aziti ndi iye. Anaimba mpaka bedi lija linaliranso, mwini wake akugona. Atafika kumapeto kwa ndime anasiya.

Pakona paja panalira kawiri.