Nkhono Zopanda Kadontho Kofiira

Lachiwiri cha m'ma teni koloko m'mawa, makina a m'labotale anatulutsa pepala. Mayi woyeza madzi analiwerenga kawiri.

Ntchito yake inali yoyeza nkhono za m'nyanja. Ankazimiza m'makola a waya pafupi ndi paipi ya fakitale ya mankhwala ophera tizilombo. Poizoni akalowa m'madzi, enzaimu ina ya m'thupi mwa nkhono imatsika. Mwezi wapitawo inali itatsika moopsa. Tsopano pepala linkati nkhono zili bwinobwino. Chonsecho ana atatu a asodzi a kumeneko anali m'chipatala, akusanza ndi kunjenjemera.

Anakhuthulira zigoba m'beseni. Nkhono iliyonse ankaipaka kadontho ka penti yofiira asanaimize. Anatembenuza chigoba chimodzichimodzi. Kadontho panalibe. Sizinali nkhono zake.

Wovuula makolawo pa boti anali mmodzi yekha: amalume ake, omwe anamulera bambo ake atamwalira.

Anakhala ola lathunthu foni ili m'manja. Kenako anaimbira apolisi.

"Wasinthanitsa ndani?" anafunsa sajeni atafika.

"Sindikudziwa. Koma boti amayendetsa ndi amalume."

"Ndiye kuti mukudziwa, mayi."

Lachinayi masana anawapeza amalumewo padoko akusoka ukonde. Ataona mwana wa mlongo wawo ali ndi apolisi awiri, singano inawapulumuka.

"Nkhono zenizeni zili kuti, bambo?" anatero sajeni.

"Zomwe ndinapereka zija."

Wapolisi winayo analowa m'shedi. Anatsegula firiji ya nyambo. Pansi penipeni panali thumba la pulasitiki louma gwa, lodzaza nkhono za madontho ofiira.

Amalume anakhala pansi. Anaulula kuti manijala wa fakitale anawalonjeza kulemba ntchito mwana wawo wamkazi. Nkhono zabwinozo anakazitola kutali, kuseri kwa chilumba.

"Nanga izi osazitaya bwanji?"

"Ndinaopa kuti ana angatole n'kudya."

"Ndiye mumadziwa kuti muli poizoni."



Madzulo omwewo mayi uja anayeza nkhono za m'firiji. Enzaimu inali itatsala pang'ono kutheratu. Apolisi anamugwira manijala uja pageti la fakitale, akulowetsa chikwama m'galimoto.

Amalume anawasamutsira kundende m'mawa mwake. Pokwera galimoto ya apolisi, unyolo uli m'manja, anayang'ana mwana wa mlongo wawo uja.

"Mayi ako ukawauze wekha, mwanawe. Ine sindingathe."